Lamba wa a Chikomeni

Mukatsika minibasi pa depoti ya Mzimba n'kumalowera kumsika, mupeza bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, atakhala pa chitini pansi pa mtengo wa mango, njinga zili gadagada momuzungulira. Ameneyo ndi Lyford. Anyamata a kabaza amamutcha Makaniki. Ana amene amawaphunzitsa karate Loweruka lililonse amamutcha Asensei. Koma anthu akale a pa boma pano, amene anamuona akumera ndevu, mpaka lero amati Wakugwa. Dzina limeneli salifuna n'pang'ono pomwe. Mukalitchula amangoweramira tayala ngati sanamve, koma muona pampu ikupopa mwaukali.

Dzinali analipeza chifukwa cha a Chikomeni, aphunzitsi ake.

A Chikomeni anabwerako ku Joni Lyford ali m'sitandade eyiti. Anzawo ochokera kumeneko ankafika ndi mawailesi, mabulangete a maluwamaluwa, ena mpaka galimoto. Iwo anatsika basi ndi kasutikesi kamodzi, ndipo atakatsekula pamaso pa abale munapezeka malaya ochepa, suti yoyera yopanda mabatani, ndi lamba wansalu wokulungidwa bwinobwino. Mlongo wawo, a Sellah, anasuzumira m'sutikesimo, anayang'ana mwini wake, n'kufunsa ngati katundu wina akubwera m'mbuyo. Kunalibe katundu wina.

Lambayo anali wa karate, wakuda, koma kuda kwake kotopa, m'mbali mutayamba kale kutuwa. Anawapatsa ndi mkulu wina wa ku Durban amene ankawaphunzitsa kuseri kwa galaja, ndipo mkuluyo naye anamulandira kwa mphunzitsi wake, Mjapani wogwira ntchito m'sitima zapamadzi. Chisokedwereni, lamba ameneyu anali asanalawepo madzi. A Chikomeni ankanena zimenezi kwa aliyense wobwera kudzaphunzira, tsiku loyamba lomwelo, asanamuonetse n'kafumbatidwe ka chibakera komwe.

"Suti chapa. Thupi samba, usatinunkhire muno. Koma lamba sachapa. Muli thukuta la amene anakuphunzitsa, ndi la amene anaphunzitsa iyeyo. Ukachapa, mbwenu watsala wekha."

Tinene zoona, fungo la lambayo linkachitira umboni mawu amenewa.

Anayamba kuphunzitsa m'shedi yakale ya fodya kuseri kwa msika. Masiku amenewo makanema a ndewu anali atangofika pa boma, ndipo mnyamata aliyense ankafuna kuuluka. Anadzaza shedi mpaka pakhomo. A Chikomeni anawagawira matsache. Atasesa, anawauza kuti aime atatangadza, mawondo opinda, ngati akhalira mpando umene palibe, mpaka ntchafu zinayamba kunjenjemera. Mawa lake zomwezo, mkuja zomwezo. Mwezi usanathe munatsala anthu owerengeka, ndipo Lyford anali mmodzi wa iwo.

Sikuti anali ndi luso ayi. Sukulu inali itamukana kale, ndipo karate nayo poyamba inkaoneka kuti ikuganiza zomwezo. Mwendo wake sunkakwera kupitirira m'chiuno, ndipo anzake akamatembenukira kumanja iye nthawi zina ankapezeka kumanzere, akuyang'anizana ndi khoma. Koma anali wosatopa. Ankafika woyamba, kusesa, kukatuta utuchi kwa ocheka matabwa n'kuulonga m'masaka kuti pakhale pogwera. Ndipo pa masaka pomwepo a Chikomeni anatulukira chinthu chimodzi chimene mnyamatayu ankachita kuposa onse. Ankadziwa kugwa. Akamuponya ankapinda chibwano, kumenya pansi ndi dzanja, kugubuduka, n'kuimirira ngati palibe chachitika.

Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene a Chikomeni ankaitanidwa kukaonetsa masewerawa, kaya pa bwalo la sukulu, kaya pa chikondwerero cha ufulu, woponyedwa anali Lyford. Ankawalowera ndi mpeni wathabwa, khu, pansi. Ankabwera ndi chibonga, khu, pansi. Ankawagwira pakhosi chakumbuyo, n'kupezeka akuwerenga mitambo. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, ana n'kumamulondola mpaka kwawo akuimba dzina latsopano lija la Wakugwa. Iye sankadandaula kwenikweni. Pobwerera ndi iyeyo amene ankanyamula chikwama cha aphunzitsi, ndipo m'chikwamamo munkakhala lamba.

Dzina la a Chikomeni linakula. M'mabala anthu ankati mkuluyo akhoza kuzula nyanga ya ng'ombe ndi dzanja limodzi, ena ankati ku Joni anagonetsa pansi zigawenga zodzaza lole. Zonsezi zinali nkhani za pa mowa. Palibe munthu pa boma pano amene anawaonapo akumenya munthu. Chidakwa china chinawagwetsera chipewa dala pakati pa msika, anthu n'kupanga bwalo kudikira zoopsa. Iwo anatola chipewacho, anachikuntha fumbi, n'kufunsa mtengo wa tomato. Wophunzira wawo akangomveka kuti wachita ndewu, ankapeza nsapato zake zitaikidwa panja pa shedi, ndipo kunalibe apilo. Makolo anazindikira kuti ana olowa m'shedimo ankatulukamo akudziwa kupereka moni, choncho anayamba kuwabweretsa okha.

Kenako kunabwera Hemedi.

Anali mwana wa a Ilyasi, Asilamu ogulitsa nsalu mumsika, banja lochokera kumwera. Mnyamata wowonda, wa miyendo yaitali, waulemu mpaka kutopetsa. Anafika Lyford atatha kale zaka m'shedimo. Zimene Lyford anaziphunzira ndi misozi, Hemedi ankangoziona kamodzi thupi lake n'kuzichita lokha. Posakhalitsa anali akuchotsa chipewa pamutu pa a Chikomeni ndi chala chakuphazi, tsitsi osalikhudza. Zionetsero tsopano zinali ndi mbali ziwiri: yoseketsa, ya Lyford, ndi yoombera m'manja, ya Hemedi. Nanga matabwa amene Hemedi ankathyola ndi chidendene ankagwira ndani? Lyford yemweyo, nkhope atatembenuzira kumbali, zikhato zikuyaka moto.

Kamodzi kokha analimba mtima n'kufunsa, akuyenda pambuyo pa aphunzitsi ake ndi chikwama chija.

"Adada, bwanji ulendo wina thabwa ndithyole ine, Hemedi agwire?"

"Nanga agwe ndani?" anayankha a Chikomeni, osatembenuka n'komwe.

Ngakhale Iness, mtsikana amene Lyford ankamufunsira nthawi imeneyo, tsiku lina akuchokera ku chionetsero anangoti, "Mnzanu uja ndiye amauluka chomene." Lyford ndi Iness anakwatirana ndithu, ana awo ndi akuluakulu tsopano, koma mawu amenewo Lyford sanawataye. Anawasunga pamalo abwino.

Nsanje yake siinali yaphokoso. Sanamutukwanepo Hemedi, sanamunenerepo bodza kwa aphunzitsi. Inkangomudya mkati pang'onopang'ono ngati anankafumbwe m'chimanga. Atapita ku mpikisano woyamba ku Lilongwe, Lyford anagonja m'ndime yoyamba, n'kutha tsiku lonse atanyamula thaulo ndi botolo la madzi la Hemedi. Chithunzi chinatuluka m'nyuzipepala: Hemedi akumwetulira ndi mendulo, a Chikomeni atamugwira phewa, ndipo chakumapeto kwenikweni, pamene chithunzi chinadulidwira, panali chigongono. Iness anachizindikira chigongonocho n'kumaonetsa aneba monyadira. Lyford anakulungira misomali m'pepalalo.

Tsiku limene a Chikomeni anawamanga malamba akuda, awiriwo nthawi imodzi, Lyford anamwetulira pamaso pa anthu, koma kunyumba chakudya sichinatsike. Nthawi imodzi? Iye amene anasesa shedi ija Hemedi akadali kupinda nsalu za bambo ake? Ndiponso malambawo anali a m'sitolo, atsopano, olimba, onunkha pulasitiki. Apa m'pamene anayamba kudzitonthoza ndi ganizo limene anayenda nalo theka la moyo wake. Lamba weniweni ndi mmodzi, ndipo tsiku lina adzakhala wa munthu mmodzi.

Zaka zinapita. Lyford anapeza mtengo wake wa mango ndi masipanala ake. Hemedi anasamukira ku Jenda, kumene anatsekula shopu ya nsalu m'mbali mwa msewu waukulu, ndi sukulu yakeyake ya karate kuseri kwa shopuyo. Kumeneko kunali chikwangwani chojambulidwa ndi penti, matiresi enieni ogwerapo, ndipo ngakhale atsikana ofunda mipango kumutu ankaponya mateche. Anyamata a kabaza, anthu opanda chisoni, ankabwera ndi timakanema ta pa foni.

"Makaniki, mwaona za mnzanu?"

Lyford ankapukuta manja, kulandira foni, n'kuyang'ana milomo atapinda. "Mwendo wakumbuyowo sunakhazikike," ankatero pobweza. Pakapita kanthawi ankakhosomola. "Tabweretsanso ndione bwino."

Chopweteka koposa chinali chakuti Hemedi sanamulakwirepo. Akabwera pa boma ankaimika galimoto, kutsika, kumupatsa moni ndi manja awiri. "Akulu, mwaswera bwanji? Alamu ali bwanji?" N'kusiya chitenje cha Iness. Munthu wachipongwe umadziwa pomugwira. Uyu analibe pogwira, ndipo galimoto ikanyamuka Lyford ankatsala akumanga nati mpaka bawuti kuduka.

A Chikomeni anachedwa kukalamba, koma anagwa mwadzidzidzi. Tsiku lina m'mawa anadzuka mbali imodzi ya thupi itafa, pakamwa patapotoka. Atatuluka m'chipatala anawatengera kumudzi kwawo, kumwera kwa boma, kumene a Sellah, amene amuna awo anali atamwalira, anawakonzera chipinda. Shedi ndi ana ake zinatsala m'manja mwa Lyford. Lamba anamukhomerera msomali pamwamba pa bedi.

Apa Lyford anachita zimene mwana wobereka amachita, ndipo pasapezeke wonena kuti chinali chifukwa cha lamba yekha. Lyford ankawakonda aphunzitsi akewo ndi mtima wonse. Ankapalasa njinga mtunda wonse uja, kaya fumbi kaya matope, kukawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi. Munthu amene anamuponya pansi kosawerengeka tsopano ankapepuka m'manja mwake ngati mtolo wa udzu. Koma akamawapukuta msana, maso ake ankakwera okha kupita pa msomali paja.

Hemedi naye ankabwera mwa apo ndi apo, ndi mankhwala, shuga ndi sopo. Anawagulira kafoni n'kuphunzitsa a Sellah podina. Galimoto yake ikangomveka, mbali yamoyo ya nkhope ya mkuluyo inkawala. Lyford ankaona kuwalako ali chiimire pakhomo ndi beseni la madzi osambira, ndipo ankapita kukawataya kutali kuposa kumene ankataya masiku onse. Alendo akapita, mkuluyo ankatha sabata akubwereza zimene Hemedi wanena, ndipo womvetsera anali Lyford, lezala lili m'manja.

Masana ena a m'chilimwe, atangomaliza kuwameta pakhonde, a Chikomeni anamukoka malaya.

"Lyford. Katenge lamba."

Lyford anaika lezala pansi. Analowa, anatsitsa lambayo ndi manja awiri, n'kudzagwada. Mawu othokoza anali atawakonza kalekale, ndipo anali atawabwereza kambirimbiri akumata machubu.

A Chikomeni anasisita lambayo ndi dzanja lawo lamoyo. Mawu ankatuluka mokoka, koma ankamveka.

"Upite ku Jenda. Ukampatse Hemedi."

Lyford anabweza manja amene anali atatambasula kale.

"Wapulika?"

"Ndamva, adada."

"Iwe shedi uli nayo. Ana uli nawo. Ine ndemwe uli nane, tsiku ndi tsiku. Mnzako ali kutali, palibe changa chimene ali nacho. Ukampatse m'manja ine ndikadali moyo."

"Yewo, adada."

Mawu onse apakatiwo anangodutsa. Lyford anamva dzina limodzi lokha, ndipo linamuperekeza njira yonse yobwerera ku boma. Pa chitunda chimene ankakwera osatsika, tsiku limenelo anatsika n'kukankha njinga.

Ku Jenda sanapite. Poyamba njinga zinachuluka. Kenako mutu unamuwawa. Kenako anasiya kufunafuna zifukwa. Iness ndiye anatulukira nkhaniyi, ndi mphuno.

"Chafera m'chikwamamu n'chiyani?"

Atatsekula anazindikira, ndipo Lyford anafotokoza mwachidule, akuyang'ana pawindo.

"Ndiye mupita liti?"

"Ndipita."

"Bambo a Tionge, chinthu cha eni chimenecho."

"Eni ake ndani? Anasesa ndani? Akusambitsa ndani?"

"Inuyo. N'chifukwa chake atuma inu, osati wa minibasi."

Lyford anatenga chikwama chake n'kutuluka. Analowera ku shedi, anatseka chitseko, ali yekhayekha, n'kumanga lambayo m'chiuno. Anamukwana. Anaima pakati pa masaka a utuchi, fungo la mkulu uja likukwera m'mphuno, n'kuchita zonse zimene anaphunzira, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osasokoneza ngakhale kumanja ndi kumanzere kuja. Panalibe woombera m'manja. Anamasula lambayo misozi ikulengeza, ndipo sinali misozi yachisoni. Inali yaukali.

Atapitanso kumudzi a Chikomeni anafunsa, "Ku Jenda wafika?" Iye anati, "Mawa, adada." Ulendo wotsatira panalibenso womufunsa. Matenda anali atabwera kachiwiri n'kutenga mawu onse. Mkuluyo ankangogona chagada, maso okha ndiwo ankayenda.

Apa nzeru inamubwerera Lyford, nzeru ya mtundu umene umabwera munthu akamapalasa njinga yekha mtunda wautali. Akasunga lambayo kunyumba, tsiku lina anthu adzati anaba. Koma mwambo wa kuno ndi wodziwika. Munthu akamwalira, maliro akatha, abale amakumana n'kugawa zovala ndi katundu wa malemu, poyera, aliyense akuona. Lamba akadzapezeka pa msomali tsiku limenelo, banja lidzapatsa ndani? Wa ku Jenda wobwera ndi shuga, kapena wonyamula beseni? Ndipo chimene banja lapereka palibe angabwere kudzachilanda.

Anadikira a Sellah atapita kudimba. Analowa m'chipinda, anatulutsa lamba m'chikwama n'kumukoleka pa msomali pake. Atatembenuka anapeza maso a mkuluyo ali pa iye. Masowo anachoka pa nkhope yake, anapita pa msomali, n'kubwereranso. Milomo inagwedezeka, osatulutsa kanthu. Lyford anakoka bulangete, anawafunditsa mpaka m'khosi ngakhale kunkatentha, n'kutuluka kukatunga madzi amene sankafunika. A Sellah atabwera sanafunse kanthu. Kwa iwo chinsanza chija kuchoka kapena kubwerera zinali chimodzimodzi.

A Chikomeni anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Maliro anali aakulu. Kunabwera anthu amene Lyford anali atawaiwala: apolisi, alonda, aphunzitsi, madalaivala, ngakhale azibambo a mimba zawo amene kale anathawa tsache koma tsopano ankadzitcha ana a malemu. Ophunzira a pa boma ndi a ku Jenda anavala masuti oyera n'kunyamula bokosi mosinthana. Hemedi analira osabisa nkhope. Za lamba sanatchule, ndipo Lyford, ngakhale mtima unali utasweka zenizeni, anaona kuti mbali imeneyo zayenda.

Tsiku logawa zovala anafika m'mawa, atavala jekete. Pabwalo panali patayalidwa mphasa, ndipo pamphasapo zovala za malemu zinali zitasanjidwa, zopindidwa bwino, zositidwa. Kamphepo kanamubweretsera fungo la sopo. Anaima pomwepo, njinga ikadali m'manja.

Lyford ndi mwana wa kuno. Amadziwa, monga aliyense amadziwira, kuti chovala cha malemu sichiperekedwa ndi thukuta la mwini wake. Amayi amayamba atengera zonse ku mjigo kukachapa. Jekete limene anavalalo linali la malemu amalume ake, ndipo nalo linamupeza likununkhira sopo. Koma m'mutu mwake, zaka zonsezi, lamba sanali chovala. Kwa a Sellah anali chovala, ndipo chauve kuposa zonse.

Mkulu wa banja ankanyamula chimodzichimodzi n'kutchula dzina la wolandira. Malaya, mathalauza, nsapato, chipewa chija. Pomaliza a Sellah anakhosomola n'kupempha kuti ayankhuleko. Pamiyendo pawo panali kanthu koyera kokulungidwa.

"Ichi ndiye chinandivutitsa chomene," anatero. "Chibwerereni ku Joni alongo anga ankandikaniza kuchigwira. Ndinachiviika, madzi ake bii. Ndinasintha madzi, bii. Ndinachimenyetsa pamwala, ndinachikwecha ndi bulashi, mpaka zonse zija zinasosoka n'kupita. Taonani mmene chayerera. Kunsongaku kunali kutamasuka, ndasokako. Sindikanalola kuti mwana amene anatisungira m'bale wathu alandire nyansi. Lyford, mwana wane, sendera. Palibe wina woyenera."

Anthu anavomereza, akuluakulu n'kuomba m'manja mofatsa. Zinachitika ndendende mmene ankazilotera: poyera, pamaso pa banja, Hemedi atakhala pomwepo pa benchi. Lyford anagwada n'kulandira ndi manja awiri. Nsalu yakuda ya pamwamba, imene zaka zinali zitaidya kale, inali itachoka, kutsala ya mkati yokha. Lambayo anali wofewa, wopepuka, woyera ngati amene amamanga mwana wobwera tsiku loyamba. Mjapani uja, mkulu wa ku Durban, a Chikomeni, onse anali atatsikira m'kangalande ka pa mjigo kumene abakha amasambira.

"Yewo chomene, amama," anatero. Sakudziwa mpaka lero kuti mawuwo anachokera kuti.

Anthu atayamba kubalalika, Hemedi anamupeza kuseri kwa khola kumene anakaimika njinga.

"Akulu."

Lyford sanadzutse mutu.

"Anandiimbira foni, mukudziwa. Mawu ankavuta, koma ndinamva. Anati, ndatuma Lyford, akubweretsera katundu wako. Masiku amenewo minibasi ya ku boma ikangoima pa Jenda ndinkasiya kasitomala n'kutuluka panja."

Thukuta linatsika m'khwapa mwa jekete la amalume. Lyford anadikira kutukwanidwa, ndipo mbali ina ya mtima wake inkafunadi zimenezo. Akanakonda kulandira theche, limodzi la mateche aja a pa foni, pakati pa chifuwa penipeni. Anatambasula dzanja, lamba ali lende.

"Tenga."

Hemedi anagwira nsonga imodzi, anaiyandikitsa kumphuno, n'kuisiya.

"Ayi, akulu. Banja lapatsa inu. Chimene ndinkadikira ine mulibemo."

Hemedi anayang'ana ng'ombe m'kholamo.

"Ine sanandiponyepo ngakhale kamodzi. Ndinkawapempha. Ankati sindidziwa kugwa, angandithyole. Zaka zonse zija manja awo anali pa inu, ine ndikungoonerera. Ndinkafuna kanthu kamodzi kokha kamene kanawakhudza thupi."

Anatsanzika ndi manja awiri monga mwa masiku onse, n'kupempha kuti akapereke moni kwa alamu. Ngakhale apa sanamupatse pomugwira.

Lyford akadali pansi pa mtengo wa mango. Loweruka amatsekula shedi, ndipo kwa wobwera aliyense amanenabe mawu aja, suti chapa, thupi samba, lamba sachapa, kungoti amawanena mofulumira, akuyang'ana kwina. Nsanje siinamuchoke, inangosintha pogona. Mamendulo ndi matiresi a ku Jenda sazitsatanso. Chimene chimamudya tsopano n'chakuti mawu omaliza amene mkulu uja anatha kuwatchula anapita ku Jenda pa foni, ndipo iye anatsala ndi maso aja.

Masiku ano Hemedi amatumiza ophunzira ake akuluakulu ku boma kuti akaphunzire kugwa, akuti mwini wake wa kagwedwe ali kuno. Lyford amawaphunzitsa bwino, palibe amene anabwererapo akudandaula. Kungoti amawaponya mwamphamvu pang'ono kuposa mmene zikufunikira.

Lamba ali pa msomali m'shedimo. Ana atsopano amaganiza kuti ndi wa mnzawo wina amene anaiwala. Onse akapita, tsache litabwerera pakona pake, nthawi zina Lyford amamutsitsa n'kumafufuza ndi mphuno, kuyambira nsonga iyi mpaka inayo, makamaka pamene pankakhala mfundo. A Sellah amadziwa kuchapa.